Anankafumbwe a Padooko Pathu

9 Epulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutauniko pamodzi ndi ziweto zanu zam'mathankizo. Kuno tilipo. Amayi ali chimodzimodzi, dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwirabe ntchito, koma pakamwa pokha matenda anapalambalala. Dzulo anandikalipira kuti ndimawasambitsa ngati ndikukwecha mphika.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a lole ya nsomba monga kale, poti foni kuno mukudziwa, mpaka munthu akwere pachulu. Koma nawonso ayamba kubwera mwa apo ndi apo. Akuti sangamawotche mafuta kudzatenga nsomba zosadzaza ndi dengu lomwe.

Munafunsa za dambo. Achimwene, dambo kulibenso. Namasupuni watseka kuyambira padooko pathu mpaka kutsidya, moti mlendo ataima pakhonde pathu angafunse kuti munda wokongolawu ndi wa yani. Alamu anu bwato analikokera kumtunda n'kulivundikira, pansi pake nkhuku zikuikira mazira. Ukonde uli kudenga, makoswe akuulawa. Munthu amene ankabwera kunyumba akununkha nsomba, pano amangokhala pakhonde n'kumasema nkhafi. Iyi ndi yachitatu, yopalasira pati kaya.

Anankafumbwe anu aja munadzawathira padooko zaka ziwiri zapitazo alipo, musade nkhawa. Masamba a pamenepo ali zipsera zokhazokha, afupika, ena achita chikasu n'kumawola. Koma ukangopitirira pang'ono, namasupuni ndi wobiriwira, wonenepa, wofika m'chiuno. Anthu kuno amakusekani, ndisakubisireni. Akuti mwana wa mayi uja anakhala kusukulu zaka zonse zija kuphunzira kuweta anankafumbwe, pamene anzake timagula mankhwala owaphera m'matumba. Ine ndimawayankha kuti awa ndi ena, chimanga sadya, amadya udzu wa m'madziwu basi. Koma ndikamayankha choncho nanenso mtima umakhala uli m'mwamba.

Tsopano nkhani yeniyeni, khalani pansi kaye. Ndili ndi pakati, miyezi itatu. Zaka zonsezi anthu akundiyang'ana pamimba asanandipatse moni, lero zatheka. Amayi atamva analira, kenako anandilamula kuti ndisamanyamulenso ndowa, ngati kuti pakhomo pano pali wina wonyamula.

Kusikelo ndapitako kamodzi. Chipatala chija mukuchidziwa, denga lake limanyezimira kutsidya tikaima padooko, ndipo pabwato tinkafika dzuwa lisanatenthe. Ulendo uno tinazungulira dambo lonse panjinga, kunyamuka kukucha, kufika anthu akuweruka kuminda. Anamwino anati magazi anga akuthamanga kwambiri, ndisayerekeze kuchirira pakhomo. Mwezi wake ndi Okutobala.

Ndiye ndikufunseni inu odziwa. Ziweto zanuzi zitsegula liti njira ya bwato? Musandiuze za m'mabuku, ndiuzeni mwezi.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa amayi.


3 Meyi

Mlongo wanga,

Kalata yako ndinaiwerenga nditaima pakati pa mathanki, manja ali onyowa, ndipo anzanga anadabwa kundiona ndikuseka ndekha. Ndakondwa, mwana wa amayi, ndakondwa kwambiri. Alamu uwauze kuti nkhafi zakwana, aseme kampando. Amayi uwapatse moni, mafuta opaka mwendo aja ndikufunafunabe.

Mwezi wandifunsawo ndilibe. Ndikanakhala nawo ndikanakupatsa. Tizilomboti sitigwira ntchito ngati chikwanje. Timadya pang'onopang'ono, timaswana, chomera chimafooka n'kumira chokha, ndipo kumadera kumene zinatheka zinatenga zaka zitatu, kwina zisanu. Kwathuko tili m'chaka chachiwiri. Zimene walemba za masamba achikasu ndi nkhani yabwino kuposa zonse ndamva chaka chino, kupatulapo yakoyo.

Kuno zinthu sizili bwino. Malo athu ndi mizere iwiri ya mathanki a simenti kuseri kwa ofesi, pansi pa neti yotchinga dzuwa. M'mawa uliwonse ndimawerama pamenepo kutola anankafumbwe ndi zala n'kumawaika m'zitini, msana mpaka kuuma. Kachilomboka ukangokakhudza kamadzifetsa, chagada, miyendo m'mwamba, monga unkachitira iwe uli mwana akakutuma kumadzi. Madzi pampopi amabwera lero, mawa ayi. Amene amatithandiza ndi ndalama atopa kudikira. Akuti akufuna kuona ndi maso awo malo amodzi pamene tizilombo tagonjetsa udzuwu, apo ayi ntchito itsekedwa kumapeto kwa chaka. Kumalo ena kumene tinathira, kwina madzi osefukira anakokolola zonse, kwina alimi a ndiwo zamasamba anapopera mankhwala m'mphepete mwa madzi. Patsala padooko pathu pokha. Abwana ndawauza kuti alendowo tidzabwere nawo kumeneko mu Novembala.

Choncho ndikupempha, ndipo ndime ino uwawerengere alamu: namasupuni wa padooko musamukhudze. Musazule, musadule. Ndicho chakudya cha tizilomboto, mukachotsa tidya chiyani?

Za iweyo, upite kuchipatala mwezi usanakwane, ukadikirire komweko. Amayi mupemphe mkazi wa neba awasamale. Ndikanakutengera kuno, koma chipinda changa unachiona, chitseko chimagunda bedi.

Ndine mchimwene wako.


6 Juni

Alamu,

Moni. Ine si wolemba makalata, mundikhululukire zilembozi. Amayi alipo. Mlongo wanu alipo koma sali bwino kwenikweni.

Ndime yanu ija anandiwerengera kawiri. Ndamva kuti ziweto zanu zisagone ndi njala. Za mkazi wanga ndamva kuti akagone pakhonde la chipatala mwezi wathunthu. Nanga amayi anu? Mkazi wa neba anawayesa tsiku limodzi, amayi anamuponyera kapu, akuti sangavulidwe ndi munthu wapadera. Mlongo wanu wanenetsa kuti sawasiya mpaka masabata omalizira. Inu mukuwadziwa onse awiri, palibe wogonja.

Ulendo wachiwiri wa kusikelo tinabwerera panjira. Miyendo inatupa, mutu ukumupweteka, panjinga ankangoti ndiime asanze. Ndinamukhazika pansi pa mtengo, ine n'kumayang'ana denga la chipatala lija kutsidya kwa udzuwu. Alamu, ine ndinabadwira pamadzi amenewa. Ndawolotsapo odwala a eni ake osawerengeka, ena ngakhale zikomo sananene. Lero wanga ndikulephera kumuwolotsa, ndipo zikundipweteka.

Tinayesa kudula njira kumunsi, kumene udzu ndi wobiriwira, kuti padooko tisakhudze monga mwanenera. Tinali amuna anayi ndi zikwanje ndi mafoloko. Mizu yake yalukana ngati mphasa, ukakoka chimodzi pamabwera chimunda chonse. Dzuwa linalowa titatsegula malo osakwana n'kutembenuzirapo bwato, mmodzi wathu misundu itamudya miyendo yonse. Mawa lake palibe anabweranso. Padooko pokha ndi pofewa, ukakoka ndi dzanja limodzi udzu umaduka wokha. Kuchokera pamenepo kukafika pamadzi akuya si patali, ndipo kumeneko udzu ndi wongoyandama, munthu ukhoza kuukankha ndi nsungwi.

Sindikufuna kukuchotsetsani ntchito. Koma alendo anu akubwera mu Novembala, wanga akubwera mu Okutobala. Tiyambe kulandira uti? Ndiyankheni ndi lole ikubwerayi.

Ndine mlamu wanu.


24 Juni

Alamu,

Kalata yanu yandisowetsa mtendere. Mlongo wangayo ndinamuberekapo kumbuyo ali khanda, sindingamusinthanitse ndi ntchito. Tsegulani njira. Tsegulani padooko pomwepo, alendo adzaona zimene adzapeze.

Koma chonde apa mundimvetsetse. Ndinalemba za chakudya chifukwa ndinali pachangu, koma nkhani si chakudya chokha. Namasupuni wodwalayo ndiye nyumba yawo. Anankafumbwe akuluakulu masana saoneka, amabisala patsinde pamene masamba atsopano akutulukira, amatuluka kukada. Mazira amaikira m'kati mwa phesi. Mphutsi zawo zimaboola phesilo kutsika nalo mpaka pansi, madzi n'kulowa, ndipo zimenezo ndi zimene zimapha chomera, osati zipsera mukuziona pamasambazo. Chomera chilichonse chachikasu chili ndi ana m'kati.

Ndiye mukazula musaponye kumtunda. Ndikudziwa kuti kale, tisanayambe za tizilombozi, ndine ndinkayenda ndi chimkuzamawu kuuza anthu kuti zulani, unjikani, yanikani, wotchani. Apa ayi. Muzinyamula m'madengu n'kukaponya pakati pa wobiriwira uja, mizu ili m'madzi. Mukatero mwatsegula njira, komanso mwafesa tizilombo kumene tinali tisanafike. Musawotche. Ndikubwereza dala, musawotche.

Chinanso, njira mukatsegula muikhomere mitengo mbali zonse ziwiri n'kumanga chingwe cholimba, chifukwa wobiriwirayo mphepo ikamukankha amalowa paliponse pamene pali mpata.

Kumene malole a nsomba amatsitsira katundu ndapitako kawiri, adalaivala athu sindinawapeze. Ena akuti lole yawo ili kwa amakaniko, ena akuti anasintha njira. Foni ya neba ndayesanso, imangoti sakupezeka. Kalatayi ndikumusiyira mayi wogulitsa madzi oundana pageti, wandilonjeza kuti akangowaona awapatsa. Mlongo wanga muzimuuza agone atakweza miyendo.

Ndine mlamu wanu.


19 Julayi

Alamu,

Moni. Kalatayi ndapatsira aphunzitsi amene akubwera kutauniko, chifukwa lole sinabwerenso. Yankho lanu ndalidikira mpaka ndatopa. Ndinaganiza kuti mwina mwakwiya, ndiye ndinakhala pansi n'kusinkhasinkha ndekha mmene ndingachitire kuti inu musalire, ine ndisalire.

Ndinapita padooko masana, dzuwa likuwala bwino, n'kuyang'ana tsamba ndi tsamba. Zipsera zilipo, koma nankafumbwe ngakhale mmodzi sindinamuone. Ndinaitana anzanga, nawonso sanaone. Pamenepo ndinazindikira kuti ziweto zanu pamenepa zinamaliza kudya n'kusamukira kutsogolo, monga zimachitira mbuzi msipu ukatha. Munati tisachotse chakudya chawo. Sitinachotse. Tinazula wachikasu yekhayekha, wowola, wotha ntchito uja, ndipo wobiriwira wonenepa tinawasiyira yense. Ndinaimirira ndekha kuonetsetsa kuti wina asadule wabwino, mpaka ndinakangana ndi mnzanga wina chifukwa cha zimenezi.

Ntchito inayenda mosavuta. Anthu ataona kuti madzi akuoneka anabwera okha, ndi amayi omwe, akuimba. Tinaunjika milu kumtunda, tinayanika, ndipo Loweruka tinawotcha monga munkatiphunzitsira, kuti asamerenso mvula ikagwa. Sipanatsale kanthu, mukanaona mukanatiyamika.

Alamu, njira ilipo. Bwato ndinalimata phula n'kulitsitsira m'madzi, nkhuku zokha ndi zimene zinadandaula. Lachiwiri ndinawolotsa mlongo wanu kupita kusikelo, anakhala kutsogolo akuviika dzanja m'madzi ngati kamtsikana. Anamwino anati mwana wagona bwino, anamupatsanso mankhwala a magazi aja. Pobwerera ndinaponya mbedza n'kugwira milamba iwiri. Amayi anadya osakalipira munthu aliyense.

Alendo anu akabwera ndidzawakweza ndekha pabwato kuti aone zimene ziweto zanu zachita. Musakwiyenso.

Ndine mlamu wanu.


8 Ogasiti

Achimwene,

Moni wochokera kwa tonse. Adalaivala abwera dzulo ndi lole ina yaing'ono, ndipo atipatsa kalata yanu ya mu Juni. Inali yonyowa pakona, ikununkha nsomba. Ndinaiwerenga ndekha kaye kuseri kwa nyumba. Ndinaganiza zoibisa, koma alamu anu anali ataona kale envulopu.

Nditafika pamene munalemba kuti tisawotche, anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anangotenga mpeni n'kupita pamene panali milu paja. M'mphepete mwa phulusa munatsala mapesi ochepa osapsa bwino. Anang'amba limodzi, ine ndili pambuyo pawo. M'kati munali kanjira kakuda, kumapeto kwake kamphutsi kouma. Anang'amba lina, chimodzimodzi. Anang'amba onse amene anatsala, kenako anakhala pansi paphulusa pomwepo.

"Ndiye tinawotcha khola ziweto zili momwemo," anatero.

Chonde musawalembere mawu owawa. Munthuyu sakudya. Anachita zimene ankaona kuti zikusangalatsani, ndipo ine ndemwe ndinkawatungira madzi akumwa anthu ozulawo, ndikuimba nawo. Kunena zoona nanenso ndakukwiyirani pang'ono. Zaka ziwiri mwakhala mukutiuza kuti musakhudze, musakhudze, osatiuza kuti m'katimo muli chiyani. Munkaona ngati sitingamve?

Tayenda m'mphepete monse kufunafuna masamba a zipsera, sitinawapeze. Anazula mwaukhondo, mukuwadziwa alamu anu akagwira ntchito.

Njira ilipobe koma ikuchepa. Wobiriwira uja akulowa mbali zonse, m'mawa uliwonse alamu anu amapita kukamukankha ndi nsungwi, madzulo wabwereranso. Mitengo akhoma monga mwanenera. Chingwe analibe, ndiye anamasula cha ukonde uja, ukonde wonse anauphwasula. Ine ndikulemera, mwana amamenya kwambiri makamaka amayi akayamba kukalipa, mwina watengera. Ndanena kuti kumapeto kwa Sepitembala ndiwoloka kukadikirira kuchipatala, amayi alire asalire.

Kodi m'mathanki mwanumo simungatitumizireko ena? Ngakhale odzaza chitini chimodzi. Ulendo uno tikudziwa.

Ndine mlongo wanu.


12 Sepitembala

Mlongo wanga,

Makalata onse awiri ndalandira, ya alamu ndi yako, motsatizana. Ndachedwa kuyankha, undikhululukire. Alamu uwauze kuti sindinawakwiyire ngakhale pang'ono. Funso lako lija, loti kodi ndinkaona ngati simungamve, ndilibe poliyankhira.

Chitini wapemphacho ndilibe. Nditawauza abwana kuti padooko palibenso choonetsa alendo, anangogwedeza mutu n'kuimbira foni otithandiza aja. Sanadikirenso kutha kwa chaka. Madzi anatidulira kumapeto kwa Ogasiti. Ndinayesa kutunga pampopi wa kumsika ndi ndowa, kuthira m'mathanki awiri okha kuti mbewu isathe, koma simenti ikatentha imamwa madzi kuposa mmene munthu mmodzi angatungire. Kenako anabwera anthu kudzachotsa neti ija, akuti pamalopo aziimikapo magalimoto. Dzuwa linamaliza zotsala. Tsiku lomaliza ndinatola amene anali amoyo n'kupita nawo kuchipinda kwanga m'botolo. Chowadyetsa ndinakatenga kumtsinje wodutsa kumafakitale, poti m'tauni muno namasupuni ali kumeneko kokha, ndipo ndi amene anawapha. Ndinakhala pabedi ndikuwadikira kuti adzuke, poti amadzifetsa aja. Sanadzuke.

Pano ndikuthandiza munthu wina wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda. Usaseke. Tsiku lonse ndimaima kuseri kwa kauntala kulangiza anthu mankhwala abwino ophera anankafumbwe.

Zimenezo zisiye, si zako. Iwe woloka msanga, usadikire kumapeto kwa mwezi. Mphepo ya miyezi ino ndimaidziwa, ndipo chingwe cha ukonde sichingagwire udzu umene uja ukanyamuka wonse. Amayi akalipe, atopa okha.

Ndatumiza beseni losambitsira mwana, lapulasitiki, labuluu, m'kati mwake muli tizovala ndi sopo. Sindikudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndiye ndasankha toyera. Ndasiyanso kwa mayi wa pageti uja, poti njira ina ndilibe. Undilembere dzina.

Ndine mchimwene wako.


27 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, alamu ndi amayi. Mwezi uja ukutha, kuno sindinamve kanthu. Dzulo ndinapita pageti, beseni ndinalipeza likadali pansi pa tebulo la mayi uja, akusungiramo mapepala ake apulasitiki. Ndinamukalipira, kenako ndinapepesa, chifukwa si iye amene amayendetsa lole. Akuti adalaivala anawaona kamodzi akudutsa osaima.

Ndikudziuza kuti kukhala chete kumeneku ndi kwa anthu otanganidwa ndi matewera. Ndinapempha bwana watsopanoyu kuti ndibwere ngakhale masiku awiri, anati ino ndi nyengo yogulitsa mbewu, ndikachoka ndisabwerenso. Ndilembere mzere umodzi wokha. Ngati dzanja lako latopa, alembe alamu, zilembo zawo ndimaziwerenga bwinobwino.

Ndine mchimwene wako.


20 Novembala

Achimwene,

Moni. Amayi alipo. Ine ndilipo. Beseni lafika sabata yatha pamodzi ndi makalata anu awiri, ndipo adalaivala atsanzika, akuti kuno sabweranso.

Dzina mwafunsalo palibe. Ndilemba kamodzi kokha, musadzandifunsenso.

Matenda anandiyamba pakati pa Sepitembala, masiku anga asanakwane, katundu wa kuchipatala ndisanamange n'komwe. Mphepo inali ikuwomba kuyambira dzana lake. Unali m'mawa. Alamu anu anayang'ana njinga, anayang'ana ine, anati panjinga sindikafika, ndipo ankanena zoona. Padooko njira inkaoneka. Tinakwera ndi mkazi wa neba uja, yemwe amayi anamuponyera kapu. Titapitirira pakati tinapeza chingwe chaduka, udzu watseka kutsogolo. Pamene ankati atembenuze bwato, kumbuyo nakonso unali utalowa. Bwato linangoima ngati lili pamtunda.

Alamu anu analowa m'madzi mpaka m'khosi, dzanja lina likudula ndi chikwanje, lina likukoka bwato. Akatsegula pang'ono, mphepo inkabweretsa wina. Anakuwa mpaka mawu anatha, anthu a kutsidya anamva n'kuyamba kudula kuchokera kwawo. Ine denga la chipatala ndinkaliona, achimwene, ndinkaona ngakhale nsalu zoyanikidwa pachingwe kumeneko. Mwana anabadwira m'bwato dzuwa litapendeka. Anali wamkazi. Analira kamodzi, mwapansipansi, mkazi wa neba anamufunditsa nsalu yake n'kumuika pachifuwa panga. Pamene amuna a kutsidya ankatifika n'kutikokera kumtunda, anali atazizira kale. Anamwino anati tikanafika msanga akanamuika m'chipinda chofunditsira ana. Ine anandigoneka masabata awiri.

Alamu anu anachoka mwezi watha, akuti akukafuna ganyu kumene kuli madzi otseguka. Sanandinyoze, sitinakangane, ankangolephera kundiyang'ana. Bwato analisiya kutsidya pomwe linakocheza. Nkhafi zitatu zija zili kuseri kwa chitseko. Amayi anasiya kukalipa, ndikawasambitsa amangoti zikomo, ndipo zimenezi zikundiopsa. Padooko patsekanso, simungadziwe kuti panadutsapo munthu.

Beseni lanu nditaliona ndinafuna kuliponya kudzala. Ndinalisiya pakhonde osalikhudza. Tizovala ndinamupatsa mkazi wa neba, mwana wake ndi woyembekezera.

Dzana ndinapita kukachapa zofunda za amayi. Kuseri kwa mwala wochapira uja, pakati pa mabango pamene foloko sinafike, ndinaona kachitsamba ka namasupuni kachikasu, masamba ake ali ndi zipsera zatsopano. Ndinavundukula patsinde monga munalembera. Munali tizilombo tiwiri. Nditatikhudza tinagwa chagada, miyendo m'mwamba. Ndinakhala pamwalapo n'kumadikira mpaka kamodzi kanatambasula mwendo, kenako kanzake.

Ndinakatenga beseni lija. Ndathiramo madzi a m'dambo, ndaikamo kachitsambako pamodzi ndi zina zobiriwira, mizu ili m'madzi. Lili m'chipinda mwanga pafupi ndi zenera, pamene ndinakonza kuti pazidzagona mwana, chifukwa panja nkhuku zingatole. Amayi anandifunsa kuti ndikulera chiyani m'menemo. Ndinawauza.

Sindikudziwa ngati kena ndi kakamuna kena kakakazi, mwina ndikungotaya nthawi. Munati zaka zitatu kapena zisanu pamene munathira ambirimbiri, ndiye tiwiriti kaya. Koma ndilibe china chochita ndi manja angawa. Ndilembereni zonse ulendo uno, musasiye kanthu. Madzi ndizisintha liti, dzuwa likhale lochuluka bwanji, kakakazi ndikazindikira bwanji. Kalata mupatsire aphunzitsi.

Ndine mlongo wanu.